Za Mpeni wa Dotolo, ndi Umo Ndidauopera

Ine sindine dotolo, sindinenso wansembe iai; ndine mlimi wa cimanga ndi mtedza monga ambiri a inu. Koma ndiri ndi mlandu umodzi umene ndidauulula kale kwa Abambo m'kulapa, ndipo lero ndifuna kuuululanso pabwalo, kuti kapena mwamuna wina angalambalale dzenje limene ine ndidatsala pang'ono kugwetseramo mkazi wanga. Mlandu wace ndi uwu: kwa miyezi isanu ndidamletsa kupita ku cipatala, pakuti ndinkaopa mpeni wa dotolo koposa nthenda imene inkamudya.

Mantha amenewa adali ndi gwero lace. M'caka ca 2014 tidaika m'manda alongo anga aakulu, amene adandibereka kumbuyo ndiri khanda. Iwo adapeza kacotupa kolimba m'bere lao, ndipo adakabisa koposa caka cathunthu, cifukwa kadali kosapweteka, ndiponso malo ace ngocititsa manyazi kuwachula pamaso pa amuna. Kutakula, tidayamba kuyenda nao kwa asing'anga. Adatemedwa mphini, adamwa mizu yowawa. Tidapereka nkhuku, tidapereka mbuzi. Potsiriza cotupa cija cidaphulika, nicisanduka cilonda cosapola, ca pfungo loipa, kotero kuti adzukulu ao ankaopa kulowa m'nyumba. Pamenepo mpamene tidawakweza pa ngolo kunka nao ku cipatala ca misyoni, ndipo kumeneko adatitumiza ku cipatala cacikuru ca m'tauni.

Dotolo wa kumeneko sadatinamize. Adanena poyera kuti nthenda yafika kale m'mapapo ndi m'mafupa a msana, ndi kuti kucotsa bere sikudzawaciritsa iai, koma kudzacotsa cilonda ndi pfungo, kuti masiku otsala akhale pakati pa anthu opanda manyazi. Tidabvomera, ndipo bere lidacotsedwa. Patapita miyezi inai adamwalira. Usiku wa pa siwa, amuna titazinga moto, mkulu wina adati: "Khansa sifuna citsulo. Ukaikhudza ndi mpeni imakwiya, nimwazika thupi lonse." Onse adabvomereza, ndipo inenso ndidabvomereza, ngakhale ndidaamva ndi makutu angaanga mau a dotolo uja. Munthu wolira amafuna wina womloza cala, ndipo kudali kwapafupi kuloza mpeni kusiyana ndi kuloza caka cija tidacitaya.

Zitapita zaka zinai, mwezi wa Juni 2018, titangotha kukolola, mkazi wanga adandidzutsa usiku nati: "Bambo, tagwirani apa." Ndidagwira m'bere lace la kumanzere, ndipo ndidamva kanthu kolimba konga nzama, kosasuntha pansi pa cala. Mtima wanga udagwa, koma ndidadzilimbitsa ndi kufunsa ngati kakupweteka. Iye adati iai. Pamenepo ndidati: "Tsono kasiyeni. Ine sindidzakuperekani kwa anthu amene adandiphera alongo anga."

Musaganize kuti ndidangokhala manja lende. Ndidamgulira mankhwala a zitsamba pa msika, ndipo madzulo ali onse tinkagwada ndi ana kupemphera kolona. Ndidamva za Peregrine Laziosi Woyera, wa ku Forlì m'dziko la Italy, wa cipani ca Atumiki a Maria, amene adamwalira m'caka ca 1345 nalembedwa m'gulu la oyera mu 1726, ndiye nkhoswe ya odwala khansa. Mbiri yace imati adali ndi cilonda coopsa pa mwendo, ndipo dotolo adaweruza kuti mwendowo udulidwe. Usiku wotsiriza iye adakwawa kufika pamaso pa mtanda napemphera mpaka tulo tidamgwira, ndipo m'mawa dotolo pofika adapeza mwendo utapola. Nkhani imeneyi ndidaikonda kwambiri, ndipo ndinkaisimba kawirikawiri, cifukwa inkandipatsa cobvala ca cikhulupiriro cobisiramo mantha anga. Pamene ine ndinkasimba, nzama ija inkakula. Pofika Novembala idalingana ndi dzira la njiwa, ndipo nsonga ya bere idayamba kulowa m'kati.

M'mphakati mwathu muli mai wina wacikulire amene adagwira nchito ya unamwino zaka zambiri napuma. Mkazi wanga, ataona kuti kwa ine kulibe thandizo, adakamuonetsa mobisa. Mawa lace mai uja adafika pakhonde panga pamodzi ndi alamu anga, mlongo wa mkazi wanga, amene ali mwini mbumba. Nditawayalira mphasa, mai uja adandifunsa: "Bambo, kodi kaufiti mumakadziwa, kamaluwa kofiira kaja kamene kamayamwa mizu ya cimanga?" Ndidati ndimakadziwa bwino lomwe. Iye adati: "Mukakazula kasanacite maluwa, mwapulumutsa munda. Mukakazula njere zace zitagwa kale, zija zonga pfumbi, caka camawa munda wonse udzafiira. Nanga pamenepo mudzati khasu ndilo lafalitsa kaufiti?"

Ndipo adandimasulira motere. Thupi la munthu lidamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene madotolo amati maselo. Timeneti timaswana mwa lamulo, ndipo tikakwana timaleka. Khansa ndi maselo amene akana kuleka. Amangoswana, naunjikana pamalo amodzi, ndico cotupa cimene cala cimacimva. Poyamba onse amakhala pamodzi pomwepo. Pakapita nthawi ena amathothoka, nayenda m'timisempha kufika m'khwapa, kumene timamva mwanabere, ndipo kenaka amalowa m'magazi nakamera m'mafupa, m'ciwindi kapena m'mapapo. Mpeni umafika pa cimene ciri pamalo amodzi. Cimene camwazika kale suungacitole. "Alongo anu," adatero, "njere zidagwa mpeni usanafike. Mpeni udacita nchito imene dotolo adalonjeza, osaposerapo. Awa akadali ndi nthawi, koma Zengerezu adalinda kwaukwau."

Ine ndidakakamirabe, ndipo ndidayamba kusimba za Peregrine Woyera. Mkazi wanga, amene adakhala cete pa khomo nthawi yonseyi, adandidula mau, cinthu cimene sadacitepo pamaso pa alendo. Adati: "Bambo, nkhani yanuyo ndaimva kambiri. Dotolo uja adafika m'mawa kudzadula mwendo. Woyerayo sadamthamangitse dzulo lace, ndipo sadathawe. Adapemphera usiku, dotolo ali panjira. Inu mufuna ndipemphere dotolo kulibe. Ngati Mulungu afuna kundiciritsa mozizwitsa, adzandipeza pa kama wa ku cipatala." Ndidasowa coyankha. Alamu anga adati: "Alamu, mlongo wangayu mawa apite. Mukafuna, tipitire limodzi." Tidapita tonse atatu.

Ku cipatala cacikuru sadathamangire mpeni monga ndinkaganizira. Poyamba adatapa kacidutswa ka mnofu wa cotupa ndi singano yaikuru, nakatumiza kwa akatswiri oyang'ana ndi galasi lokuza zinthu, pakuti zotupa zambiri za m'mawere si khansa iai, ndipo dotolo sacotsa bere asanatsimikize. Adajambula cifuwa, naunika m'mimba, kuti aone ngati njere zagwa kwina. Tidadikira milungu ingapo, ndipo masiku amenewo nsima inkandikanika kumeza. Yankho litabwera, lidati ndi khansa ndithu, koma m'mapapo ndi m'ciwindi simudaoneke kanthu. Dotolo adati adzacotsa bere lonse pamodzi ndi anabere a m'khwapa, ndipo adzaceka mozungulira patali pang'ono, m'mnofu wabwino, kuti pasatsale muzu. Nditafunsa ngati sangacotse cotupa cokha, adati kumene kuli makina otentha khansa ndi kuwala kwamphamvu kosaoneka amacita conco pa zotupa zazing'ono, koma m'caka cimeneco makina otere kuno ku Malawi kudalibe, ndipo cotupanso cidali citakula.

Masiku odikira aja Abambo a parishi yathu adandibwereka buku la mbiri ya zacipatala, ndipo mwana wathu wamkulu ankandiwerengera ndi kundimasulira. M'menemo ndidaphunzira kuti mantha a mpeni adali oyenera kale, koma nthawi yace idapita. Mai wina wa ku England, mlembi wa mabuku, dzina lace Frances Burney, adacotsedwa bere ku Paris m'caka ca 1811 ali maso, akumva zonse, pakuti mankhwala ogonetsa kudalibe. Komabe adakhala ndi moyo kufikira 1840. Pa 16 Okutobala 1846, ku Boston m'dziko la America, William Morton adagonetsa munthu ndi mpweya wa ether, ndipo dotolo John Collins Warren adamcotsa cotupa pakhosi ali m'tulo. Koma ambiri ankafabe ndi mafinya a zilonda, kufikira 1867 pamene Joseph Lister wa ku Glasgow adalengeza kuti kutsuka manja, zida ndi cilonda ndi mankhwala a carbolic kumapha tizirombo toola zilonda. Caka comweco mlongo wace weniweni, Isabella, adadwala khansa ya m'bere, ndipo Lister adamcotsa bere ndi manja ace; cilonda cidapola, ndipo maiyo adakhala zaka zina zitatu. Pomva zimenezi ndidacita manyazi: munthu uyu adagwira mpeni cifukwa cokonda mlongo wace, ine ndidaubisa kwa mkazi wanga ndi kumati ndikumkonda.

Bukulo lidasimbanso kuti William Halsted wa ku Baltimore, m'caka ca 1894, adaphunzitsa madotolo kucotsa bere pamodzi ndi minofu ya pa cifuwa, poganiza kuti kuceka kwambiri ndiko kuciritsa kwambiri. Pambuyo pace Bernard Fisher ndi anzace adayesa pa amai ambiri, ndipo mu 1985 adaonetsa kuti pa cotupa cacing'ono, kucotsa cotupa cokha ndi kutentha malowo kumasunga moyo mofanana ndi kucotsa bere lonse. Motero madotolo a lero saceka mwa cisawawa. Amaceka pamene pafunika, ndipo munthu akafulumira, cocekedwa cimacepa.

Tsiku lidaikidwa m'mwezi wa Januwale 2019, nthawi yopalira. Namwino atabweretsa cikalata cobvomereza opaleshoni, ine ndidatambasula dzanja kuti ndilandire colembera, ndipo alamu anganso adatero. Namwino adatipitirira tonse awiri, nampatsa mwini thupi. Mkazi wanga adalemba dzina lace pang'onopang'ono, osanjenjemera. Alamu anga adapereka magazi ao kuti akhale okonzeka ngati angafunike. Madzulo wansembe woyendera odwala adabwera, namva kulapa kwace, nampatsa Sakramenti la Kudzoza Odwala ndi Ukaristia. Ine poona mafuta oyera ndidayamba kulira, poyesa kuti akutsazika; koma Abambo adandiuza kuti Eklezia amalola ndi kulimbikitsa kuti munthu adzozedwe asanalowe pa opaleshoni yaikuru, cifukwa sakramentili ndi la odwala, osati la akufa okha. Adandiuzanso kuti ndikawerenge buku la Sira, mutu 38, ndione ulemu umene Malembo Oyera amapereka kwa dotolo ndi mankhwala ace.

Kuyambira pakati pa usiku sadalawe kanthu, ngakhale madzi. M'mawa adambveka mkanjo wa cipatala, namgoneka pa kama wa mikombero, ndipo zitseko ziwiri zidatsekeka pamaso panga. Ndidakhala pa benci ndi kolona m'manja. Sindidziwa kuti ndidaizungulira kangati, pakuti milomo inkapemphera koma maso adali pa citseko. Patapita ngati maora atatu adamturutsa ali ndi nsaru yoyera pa cifuwa, ndi kapaipi kocotsa madzi a m'cilonda. Atatsitsimuka adandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo mau ace oyamba adali akuti: "Mbuzi zija adazimangirira ndani? Zitha cimanga ca eni ace." Pamenepo ndidaseka ndi misozi, ndipo ndidadziwa kuti mkazi wanga wabwera.

Sindifuna kukunamizani kuti zonse zidathera pomwepo. Zimene adacotsa zidapimidwa, ndipo m'anabere awiri a m'khwapa mudapezeka nthenda. Dotolo sadandidzudzule, ndipo palibe munthu angathe kunena tsiku limene njere zimenezo zidagwa. Koma ine ndimaidziwa miyezi yanga isanu, ndipo ndimaisenza. Cifukwa ca anabere amenewo adalandira mankhwala a m'diripi kasanu ndi kamodzi, pa milungu itatu iri yonse, kuti asake maselo amene mpeni sukadawaona. Tsitsi lidathothoka, ankasanza, ndipo mphamvu zidamthera. Tidagulitsa mbuzi zija ndi njinga yanga kuti tipeze ndalama za ulendo, ndipo akristu a m'mphakati adatipalirira munda ndi kutikololera. Pambuyo pace adamwa mbulu umodzi wa tamoxifen tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu, namaliza mu 2024. Dzanja la kumanzere poyamba lidauma, ndipo ankaliphunzitsa pokweza zala pa khoma monga adamlangizira. Mpaka lero limatupa akaligwiritsa nchito yolemetsa. Ncifukwa cace madzi ndimatunga ndine. Anyamata a pa mjigo ankandiseka, tsopano adazolowera.

Pali cinthu cina cimene amuna sitikamba, ndipo ndiyenera kucinena. M'cipinda ca odwala cija ndidaona amai ena amene amuna ao sadabwereko ngakhale kamodzi, ndipo mmodzi adandiuza kuti mwamuna wace adati sangasunge mkazi wa bere limodzi. Mantha amenewa ndiwo amabisitsa zotupa zambiri m'midzi mwathu: mai amaopa kuti akataya bere ataya ndi banja lomwe. Titabwerera kwathu, mkazi wanga ankabvala atatembenukira ku khoma, ndipo ankazima nyali asanagone. Tsiku lina ndidampempha kuti aisiye nyali. Ndidaona cipsera cacitali cocokera pakati pa cifuwa kufika m'khwapa. Ndidaikapo dzanja, ndipo ndidati: "Mai, bere limene lidali apa lidalera ana athu asanu, lidatsiriza nchito yace. Amene ndidamanga naye ukwati pa guwa ndinu, ndipo muli pano." Pa 5 Febuluwale Eklezia amakumbukira Agatha Woyera wa ku Catania, m'cisumbu ca Sicily, amene ozunza Akristu adamdula mawere ca m'caka ca 251, ndipo palibe Mkristu amene amamuyesa mkazi woperewera. Tsono mwamuna Mkatolika angamsiye bwanji mkazi wace cifukwa ca cipsera cimene campulumutsa?

Ndinenenso zoona, kuti ndingakusokeretseni: mpeni si mankhwala a khansa iri yonse. Khansa ya m'magazi siicekedwa. Cotupa ca nsagwada kapena ca m'mimba mwa ana, cimene Denis Burkitt adacifotokoza ku Uganda mu 1958, cimacizidwa ndi mankhwala. Ndipo nthenda ikamwazika kale, opaleshoni ingathe kupeputsa masautso koma osaciritsa, monga zidacitikira alongo anga. Woweruza zimenezi ndi dotolo, atapima. Nchito yathu ife ndi imodzi yokha, ndiyo kumfikitsa wodwala nthawi ikadalipo. M'mera mpoyamba.

Tsono amai, kamodzi pa mwezi, posamba, gwirani mawere anu ndi m'khwapa momwe. Mukapeza kolimba, ngakhale kosapweteka; mukaona nsonga ya bere ikulowa m'kati kapena ikuturutsa magazi; mukaona khungu lacita timaenje ngati khungu la lalanje, pitani ku cipatala mlungu womwewo. Kusapweteka si cizindikiro ca mtendere iai. Kacotupa ka alongo anga ndi ka mkazi wanga tonse tiwiri tidayamba mwa cete. Pitaninso kukapimitsa khomo la ciberekero, pakuti khansa ya kumeneko ndiyo imagwira amai ambiri m'dziko lathu, ndipo ikapezeka msanga imacotsedwa. Ndipo inu amuna anzanga, ndi inu eni mbumba, mkazi akakuuzani usiku kuti tagwirani apa, musayankhe monga ndidayankhira ine. Pempherani kwa Peregrine Woyera, inde, koma pempherani muli panjira.

Mkazi wanga ali moyo. Amapitabe kukaonedwa pa masiku amene amamuikira, ndipo ulendo uli wonse mtima wanga umakhala m'mwamba kufikira atabwerako. Za mawa ziri m'manja mwa Mulungu. Koma zaka izi zimene tapatsidwa waona ana awiri akukwatira, ndipo wanyamula mdzukulu pa ubatizo ndi dzanja lace la kumanja. Pamene ndikulemba mau ano ali pa khonde akusenda mtedza, ndipo wandiuza kuti ndisaiwale kulemba za mbuzi zija.

Ndikupemphani kuti pa kolona yanu ya madzulo ano mukumbukire mzimu wa alongo anga, kuti Ambuye awapatse mpumulo wosatha. Mukumbukirenso madotolo ndi anamwino amene amagwira mpeni, kuti manja ao akhale okhazikika. Ndi amai onse amene usiku uno agona atabisa kanthu kolimba pansi pa nsaru, kuti Maria Virigo, Mai wa odwala, awapatse mtima wonena, ndi kuwapatsa amuna akumva.